Apongozi abwere, koma tikiti ikhale yobwerera

Asisi inu, zoitanitsa apongozi kuti adzakhale nanu kuno ku Joni muzolowerane, taganizani kaye kawiri. Ndikulemba ndili mu taxi ya ku Randburg, mtima ukuchita kuwawa ngati zachitika dzulo.

Anga anabwera mu June 2022 nditangochira mwana woyamba, wa opareshoni. Tinkakhala ku Rosettenville, kachipinda ka kuseri, katani pakati. Ya basi ndinatumiza ndine pa Mukuru, thukuta la ntchito yanga ya m'nyumba, poti bambo a mwana nthawi imeneyo ankangodalira maganyu openta. Tinakawachingamira ku Park Station miyendo itatupa, mukuudziwa ulendo wa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Bulangete, juzi, masokosi, zonse ndinawagulira, kunkazizira koopsa.

Ndiye Lamulungu lina amayi a kumpingo anabwera kudzaona mwana. Magetsi atathima, load shedding ya chaka chija. Ndinaphika pa kasitovu ka gasi nditawerama, ulusi ukukoka pamimba, mabere akuchucha. Ndinagwada n'kuwasambitsa m'manja monga tinalangizidwira. Anatema nsima kamodzi kokha, kenako mbale ija anaikankha ndi kuseri kwa dzanja mpaka msuzi kutayikira pa chitenje changa. Akuti, "Nsima yanji iyi? Mpake mwana wanga wauma chonchi. Ndalama kumudzi sizifikanso, zikuthera m'mawigi." Pamaso pa alendo asisi! Mayi wina anayamba kuseweretsa mwana kuti maso athu asakumane. Ine ndili chigwadire, jagi m'manja, ndikunjenjemera.

Nanga mwana wawoyo? Maso pa foni, akuonera mpira. Osatsokomola n'komwe. Kunena zoona mpaka lero ndimakwiyira iwowo kuposa amayi awo. Munthu ankadziwa bwinobwino kuti feteleza, fizi ya alamu anga, ngakhale malata a nyumba ya kumudzi zinkachoka m'thumba mwanga, koma kwawo ankadzitama kuti akutumiza ndi iwo. Amuna enawa amafuna ulemu mbali zonse, moto n'kumasiyira akazi awiri. Alamu anga aakazi nawonso mabodza pa WhatsApp osatha, eti ndinawadyetsa achimwene awo.

Usiku umenewo sindinagone nazo. Ndinatsegula katani, kuyatsa tochi ya foni, n'kuwaonetsa mauthenga onse otumizira ndalama. Ndinati, "Amayi, dzina la wotumiza apa ndi la ndani?" Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anangoti "Hmm." Pepani sanandiuze, akuluakulu aja sapepesa, koma m'mawa ndinadzuka phala lili pamoto, zovala za mwana atachapa kale ndi madzi ozizira aja. Pano timaimbirana, amanditumizira usipa ndi ufa woyera kudzera kwa a transipota, ndipo zakukhosi amandiuza ine, osati mwana wawo.

Ndiye langizo langa, musamawayankhe ayi. Ndi makolo, akalankhula mezani, kalirireni kubafa. Zikakula itanani ankhoswe, ngakhale pa foni, ntchito yawo ndi imeneyo. Ndalama zopita kumudzi nazo zizipita m'dzina la bambo kuti asanyozeke kwawo, inu muzingosunga mauthengawo. Kachitenje kapena shuga, zimenezo ndiye muzinena kuti zachokera kwa inu.

Akabwera, muwauziretu kuti nsima ya ufa wa m'shopu kuno siifanana ndi ya kwathu, mwina muwasiyire mthiko aphike okha, amamva kukoma. Ndipo pasipoti yathu amadinda masiku 30 okha. Akapyola amaletsedwa kulowanso South Africa, chaka chimodzi kapena zaka 5 ngati apyola kwambiri. Chifukwa chimenechi n'chokwanira kuwagulira tikiti yobwerera popanda wokunenani kuti mwathamangitsa apongozi. Koma bambo akunyumba mukhale nawo pansi kaye basi isananyamuke ku Blantyre, muwafunse kuti amayi awo akadzakunyozani iwo adzatani.