Mwana akamalusa masana, kodi anagona nthawi yanji?

Mayi wina wa ku Bangwe wanditumizira imelo. Mwana wake wamwamuna wa zaka 4 wayamba kuvuta: kusukulu ya mkaka akumenya anzake, kanthu kakang'ono kulira kogubuduka pansi, ndipo aphunzitsi akuti sakhazikika. Agogo ake akuti amulekerera, akufunika kachikwapu. Chakumapeto mayiyu wangotchulako modutsa kuti mwanayo amagona cha m'ma 10 koloko usiku podikira amake abwere ku geni ku Limbe, n'kudzuka hafu faifi. Funso lake n'lakuti, kodi mwanayu mutu wake uli bwino?

Amayi, kachikwapuko kabiseni kaye, tiwerengetsere limodzi. Kuchokera 10 koloko kufika hafu faifi ndi maola 7 ndi theka. Malangizo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2019 amati mwana wa zaka 3 kapena 4 azigona maola 10 mpaka 13 pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masana. Ngati wanuyo sagona masana, ndiye kuti tsiku lililonse akumulanda maola osachepera awiri ndi theka.

Chimatipusitsa makolofe ndi ichi: munthu wamkulu akasowa tulo amayasamula, amawodzera m'minibasi. Mwana ayi. Iye ndiye amachita kuwonjezera moto, kudumpha pampando, kuseka kopanda chifukwa, kenako kulira. Ife timati sanatope, pomwe watoperatu. Mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kuugwira mtima ndi kudikira, pa msinkhu umenewu imakhala isanakhwime, ndipo tulo tikachepa imafookeratu. Mnzake akangomulanda chidole, dzanja latuluka kale. Zikapitirira kwa miyezi, ana ena amayamba mantha ndi nkhawa, kukakamira chitenje cha mayi pageti ya sukulu, kapena kuoneka ngati ali ndi vuto la kusakhazikika lija madokotala amati ADHD. Pa imelo sindingamupime mwana, koma ine ndikanayambira pa tulo.

Nsima ya mwanayo isamadikire inu. Amene mumamusiyirayo amudyetse dzuwa likangolowa, amusambitse, alowe mu neti cha m'ma hafu seveni. Musamudumphitse tsiku limodzi kuchoka pa 10 koloko, muzibweza mphindi 15 kapena 20 masiku angapo alionse. Loweruka ndi Lamlungu nthawi ikhale yomweyo.

Tiyi wamadzulo mumusiyitse. Masamba a ku Thyolo aja ali ndi caffeine, chinthu chothawitsa tulo, ngati Coca-Cola yemwe, ngakhale muthire mkaka wambiri. Foninso ayi. Kuwala kwake kumachedwetsa melatonin, homoni imene imauza thupi kuti kwada, ndipo makatuniwo amangomutsegula maso. Kwathu kuno ndinazionera ndekha: tsiku limene magetsi athima, mwana wanga amagonera pamkeka nsima isanapse, koma akayaka timakokanakokana mpaka usiku.

Mukamagona naye, tcherani khutu. Ngati amachita mkonono usiku uliwonse, kupumira kukamwa, kapena kubanika ngati mpweya waima, kusintha nthawi sikungakwane. Nthawi zambiri amakhala matonsilo kapena timinofu ta kuseri kwa mphuno tatupa. Pitani naye ku health centre, iwo akaona kufunika akutumizani ku chipatala chachikulu cha Queens. Chimodzimodzinso ngati papita mwezi akugona mokwanira koma khalidwe silikusintha.

Ndikudziwa pomwe pakuwawa. Mumachoka m'mawa, mukabwera usiku n'kumupeza atagona, mtima umati ndimudzutse angondiona. Musamudzutse. Phala la m'mawa lija muzimupatsa ndinu, ali pamiyendo panu, musanathamangire minibasi.