Za Moodle ndi pulogalamu yolipira ija, aphunzitsi

Aphunzitsi, funso lanu ndaliona mochedwa koma ndiyankheko mbali yomwe ndikuidziwa. Mwati sukulu yanu ya Loweruka ili ndi ana obwereza MSCE cha m'ma 80, mukufuna poika manotsi ndi ma quiz pa intaneti, ndiye simukudziwa ngati mutenge Moodle, pulogalamu yophunzitsira pa intaneti, kapena mulipire pulogalamu ina ija akukutsatsani pamwezi. Za laputopu ndi kamera ayankha ena, ine ndikamba za pulogalamu basi.

Amene akuti "Moodle ndi yaulere ingodaunilodani" sakunama koma akukuuzani theka la nkhani. Pulogalamuyo payokha simulipiradi, ndi open source (aliyense ali ndi ufulu woitenga ndi kuisintha), anaiyambitsa Martin Dougiamas wa ku Australia ndipo inatuluka mu 2002, mayunivesite ambiri padziko lonse amaphunzitsira pomwepo. Koma zili ngati munthu wakupatsani mbuzi, khola ndi msipu muona nokha. Imafuna seva (kompyuta yosungira tsamba lanu pa intaneti) yokhala ndi PHP (chilankhulo chomwe Moodle inalembedwera) ndi database (nkhokwe yosungira mayina, magiredi ndi zina) ngati MariaDB kapena PostgreSQL, imafuna domain (dzina la tsamba lanu pa intaneti), imafunanso kanthu kena kotchedwa cron kamene kamayenera kumayenda mphindi iliyonse, kakaima mameseji sapita kwa ana ndipo zinthu zambiri zimangoima osakuuzani chifukwa. Version yatsopano imatuluka pafupifupi kawiri pachaka, ndiye pamafunika munthu woti azipanga update, chifukwa Moodle yakale yosiyidwa pa intaneti ndi imene mahaka amailowa mosavuta.

Ndalama zake si zoopsa kwenikweni. Ka VPS kakang'ono, ndiye kuti seva yanuyanu yobwereka pa intaneti, kamayambira cha m'ma $6 mpaka $12 pamwezi, domain mwina $10 mpaka $15 pachaka ngati ndi .com. Hosting (malo obwereka pa seva) yotchipitsitsa ija yogawana ndi anthu ena musaikhulupirire, imayenda bwino tsiku lomwe mukuyesa nokha, koma ana 40 akalowa nthawi imodzi kulemba quiz imagwada, ana nkumakuimbirani kuti mayankho awo asowa.

Tsopano chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi ichi, ndipo ndikuchikamba chifukwa chinationekera pa koleji ina yaing'ono komwe ndinkaphunzitsako accounts. Akuluakulu anapatsa ntchito mnyamata wina wodziwa makompyuta, anaika Moodle bwinobwino, inkayenda, tonse tinaikamo manotsi, mafunso a mayeso, magiredi a ana a teremu yonse. Koma hosting analembetsa pa email yake, domain pa dzina lake, khadi lolipirira linalinso lake. Mnyamatayo atapeza mwayi wa ntchito ku Joni nambala inasintha, nthawi yolipira itakwana mameseji ochenjeza ankapita ku email yake ija ife osadziwa kalikonse, tinangodzuka tsiku lina tsamba silikutseguka. Titafika kwa a hosting anati sangapereke akaunti kwa munthu yemwe si mwini wake, ndipo anali kulondola. Backup, kope losunga padera, panalibe. Ana anabwerezanso ma assignment omwe anali atapereka kale, ena analira, mphunzitsi wina wachikulire yemwe anavutika kutaipa mafunso mazanamazana ananeneratu kuti iye za intaneti basi wasiya. Mpaka pano zimandiwawa chifukwa pulogalamuyo sinalakwe chilichonse.

Ndiye mukasankha Moodle, chilichonse chilembetsedwe pa email ya sukulu, password ya admin ndi ya hosting zikhale ndi anthu awiri osachepera, inu mwini sukulu mukhale mmodzi wa iwo, ngakhale woikayo akhale mphwanu. Backup ikhale ya zinthu ziwiri, database ndi foda ya moodledata momwe mumakhala mafayilo onse oikidwa pa Moodle, chimodzi chokha sichikubwezerani kanthu. Kosi iliyonse muthanso kuitulutsa ngati fayilo ya .mbz nkusunga pa flash, izi mphunzitsi aliyense angathe payekha pakutha pa teremu.

Zolipirazo ubwino wake ndi woti mutu sukupwetekani ndi za seva, eni ake amaona okha. Koma funsani kaye ngati mtengowo ndi wa madola, chifukwa ambiri ndi choncho ndipo ena amawerengera pa mwana aliyense. Mukukumbukira Novembala 2023 kwacha itatsitsidwa ndi 44%, aliyense yemwe ankalipira za madola anangoona bilu yakwera pomwe fizi ya ana ili pomwepo. Onjezani vuto la forex lija, khadi la ku banki limatha kukana kulipira kunja sabata yomwe ana akulemba mock. Funsaninso kuti tsiku lomwe mudzafune kuchoka adzakupatsani manotsi ndi magiredi anu mwanjira yanji, akayamba kuzungulirazungulira pa funso limeneli musasaine. Pali njira ina yapakati, MoodleCloud, Moodle yomweyo koma seva ndi ya eni ake, phukusi laling'ono ndi la anthu 50 ndipo limayambira $100 ndi kanthu pachaka, kungoti simungaikemo ma plugin (timapulogalamu toonjezera) anuanu, komanso ana anu 80 akukankhirani ku phukusi lotsatira.

Kwa ine, ngati mulibe munthu wodalirika wa IT yemwe mumamuona sabata iliyonse, yambani ndi Google Classroom. Ilipo kuyambira 2014, ndi akaunti ya Gmail mumalowa osalipira, manotsi ndi ma assignment zimatheka, ma quiz mumapangira pa Google Forms. Siifika pa Moodle pa nkhani ya nkhokwe ya mafunso ndi kusakaniza mafunso kuti ana asaonerane, koma teremu imodzi ikuonetsani ngati anawo amalowadi musanataye ndalama. Amene akuti "WhatsApp ikukwanira" sanayesepo kufunafuna assignment ya mwana mmodzi pakati pa ma sticker ndi mauthenga a maliro.

China, ganizirani bundle ya ana. Ambiri alowa pa foni, ndiye manotsi akhale PDF yopepuka, osati zithunzi za bolodi zolemera ma MB angapo chimodzi. Apa Moodle ili ndi mwayi chifukwa app yake imalola mwana kudaunilodi kosi akapeza netiweki nkumawerenga alibe data. Mavidiyo musawaike pa seva yanu, idzaza msanga, aikeni pa YouTube ngati unlisted (oonedwa ndi okhawo ali ndi link) nkungoika link. Ndipo mukaikadi Moodle musatsegule zoti aliyense azidzilembetsa yekha, mudzapeza ma akaunti abodza a spam ambirimbiri, mayina a ana alowetseni nokha ndi fayilo ya CSV (mndandanda wosungidwa kuchokera ku Excel), mwana aliyense mumupatse username ndi password yake pa kapepala.