Musabwereke ndalama chifukwa cha mzere umodzi wa m'lipoti

Funso: Ndimakhala ku America. M'lipoti la pachaka la kampani ina ya inshuwalansi ndaona kuti market risk benefit assets zakwera kwambiri. Ndikufuna kutenga ndalama pa kadi ya ngongole ndigule masheya ake. Kodi ndi nzeru?

Yankho: Achimwene, mzerewo si ndalama za m'thumba la kampani. Makampani ngati Jackson Financial, Brighthouse ndi Lincoln amagulitsa ma variable annuity, mapolise amene ndalama zake zimaikidwa pa msika wa masheya, ndi lonjezo loti ngakhale msika wa masheya ugwe, kasitomala kapena omusiya adzalandirabe ndalama zosachepera zakutizakuti. Kasitomala amalipira chindapusa chaka ndi chaka pa lonjezolo. Kuyambira 2023, lamulo la FASB (bungwe loika malamulo a kalembedwe ka mabuku a ndalama ku America) lotchedwa ASU 2018-12 limafuna kuti makampani akuluakulu aziwerengera lonjezoli pa mtengo wa lero. Akayerekeza kuti chindapusa chimene adzatolere chiposa zimene adzalipire, chotsalacho amachilemba ngati chuma.

Tiyerekeze chindapusa cha mtsogolo ndi $120 miliyoni ndipo zolipira ndi $100 miliyoni. Pa pepala pali chuma cha $20 miliyoni. Masheya agwe, chiwongoladzanja chitsike, zolipira zifike 150 pomwe chindapusa chatsikira ku 110: chuma chija chasanduka ngongole ya $40 miliyoni popanda kasitomala mmodzi kuchoka. Nambalazi zimadaliranso zongoyerekeza za akatswiri a kampani, monga anthu angati adzasiye mapolise awo ndi zaka zimene adzakhale ndi moyo.

Mzere wa market risk benefit liabilities, wosonyeza ngongole ya malonjezo otere, munauona? Uli tsamba lomwelo kapena lotsatira. Onaninso zimene kampani yataya pa ma derivative, mapangano amene imagula kuti idziteteze msika ukagwa, chifukwa msika ukakwera phindu la lonjezo limadyedwa kumeneko. Ndipo ndalama zogawira eni masheya zimatsatira mabuku ena, amene amaperekedwa kwa oyang'anira inshuwalansi a boma la state, osati mzere mwaukondawu. M'malipoti a NICO kapena Old Mutual kuno ku Malawi simuupeza n'komwe, iwo amatsata lamulo lina lotchedwa IFRS 17.

Koma chimene chandidetsa nkhawa ndi kadiyo. Kalata zotere ndimalandira zambiri, ndipo wolemba amawerenga chuma cha mwini wake mpaka tsamba 200 koma ngongole yake sanailembe paliponse. Tiyerekeze mwatenga $5,000 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti. Ndiye kuti $1,000 pachaka yapita masheya asanasunthe. Wa kadi sadikira kuti msika udzuke, amafuna zake mwezi ndi mwezi, monga wakatapila amene amafika pakhomo chimanga chikadali m'munda. Pamwamba pa izo kumudzi akudikira fizi ndi feteleza, ndipo ndikudziwa simudzawakana.

Ngati muli kale ndi ngongole ya kadi, itsekeni kaye. Mukatero muzigula masheya ndi ndalama ya malipiro yotsala, pang'onopang'ono, ndipo musanagule a kampaniyi muwerenge tebulo la m'manotsi a lipotilo losonyeza chimene chasuntha mzerewo chaka chino: msika, chiwongoladzanja, kapena kusintha kwa zongoyerekeza zawo.