Musanatijambule, tiuzeni tikavale kaye

Achemwali ena a ku Lilongwe anditumizira imelo. Akubwera ku Mangochi pa tchuthi, ndiye akufunsa ngati foni ingakwane kapena agule kamera, poti akufuna "kujambula moyo weniweni wa kunyanja, asodzi, ana ndi amayi oyanika usipa."

Achemwali, za kamerazo ndiyankha, koma mundipirire kaye. Ana a kunyanja mukuwanenawo, mmodzi mwa iwo ndinali ine.

Ndinakulira ku Makawa, m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay. Galimoto ya alendo ikaima, tinkathamangira tonse, makabudula ong'ambika kumbuyo, miyendo yotuwa, tikukuwa kuti atijambule. Ankatijambuladi. Masiku amenewo inali filimu, ndiye panalibe zoti akuonetse pomwepo. Zithunzi zonsezo sindinaonepo ngakhale chimodzi. Mwina ndili pakhoma la munthu wina ku Ulaya, mamina ali chuchuchu, ndipo alendo ake amandiyang'ana n'kumandimvera chisoni pamene ine tsiku limenelo ndinali nditakhuta nsima ya chambo.

Koma amene zinkawapweteka ndi amayi anga. Tsiku lina ali pa thandala akutembenuza usipa, atavala chitenje chogwirira ntchito chodzaza mamba, mlendo wina anawaloza kamera n'kupita osalankhula kanthu. Madzulo ake anadandaula mpaka nsima kuzizira. Sankadandaula za ndalama ayi. Ankangoti, "Akanandiuza, ndikanakasamba, n'kuvala chitenje changa cha pa Idi." Amayiwo chithunzi chawo chinali chimodzi chokha, chojambulidwa ndi bambo wina amene ankayenda pa njinga m'midzi. Ankauza anthu tsiku lobwera, anthu n'kusamba, kudzola mafuta, kubwereka nsapato, kenako kudikira milungu iwiri kuti zithunzi zikatsukidwe. Kwa amayi anga kujambulitsa kunali mwambo, osati chinthu chokugwera ngati ndowe ya mbalame.

Musaganize kuti ine ndine woyera. Nditayamba ntchito m'tauni ndinagula kamera, ndipo ulendo woyamba ndinapita ku Chembe, ku Cape Maclear. Ndinapeza agogo ena akusoka ukonde pansi pa mtengo. Ndinagwada bwinobwino, kuwala kuli bwino, khethe! Iwo osakweza n'komwe mutu, anangoti, "Mwana wanga, kwanuko salonjerana?" Ndinachita manyazi ngati ndagwidwa ndi dzanja mumphika. Mwana wa ku Makawa, ndachita zomwe zija zinkaliza amayi anga.

Ndiye mawu anu akuti "moyo weniweni" ndikuwakana. Anthu akatero nthawi zambiri amatanthauza umphawi. Mphunzitsi wa ku Mpondasi akupita kuntchito atatchena si moyo weniweni? Wakabaza akuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi atanyamula mayi ndi dengu la tomato? Ndipo tisamangonena azungu. Masiku ano ndife tomwe, a ku Area 47 ndi a ku Namiwawa, amene timajambula mwana wa eni ali maliseche pagombe n'kumuika pa Facebook, anzathu n'kumathira timitima. Mwana wanu atamujambula choncho munthu wosamudziwa, mungagone tulo? Zopatsa ana ndalama mukawajambula nazonso ndimadana nazo. Mukuwaphunzitsa kuti kudikira alendo pagombe kumalipira kuposa kukhala m'kalasi.

Chodabwitsa n'chakuti zinthu zimene sizikana kujambulidwa anthu amangozidutsa. Pa boma la Mangochi pomwepo, pafupi ndi mlatho, pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, ya mu 1903, nthawi imene tauniyi inkatchedwa Fort Johnston. Pambali pake pali mfuti ya sitima ya Guendolen, komanso chikumbutso cha anthu 145 amene anafa sitima ya Viphya itamira mu 1946. Ndimaona anthu akuima pamenepo, zala ziwiri m'mwamba, osawerenga n'komwe zolembedwazo. 

Nanga za kamera zija

Foni ikwana, ndalamayo musunge yolipira boti. Dzukani m'mamawa. Cha ku Nkopola ndi ku Makawa dzuwa limatulukira m'nyanja, nthawi yomweyo asodzi akubwera kuchokera kokapha usipa, nyali zawo zitazima kumene. Ku Cape Maclear n'kwa madzulo, dzuwa likamalowa. Masana musavutike, kuwala kumathobwa m'maso ndipo nkhope zimatuluka zakuda. Pukutani galasi la foni pafupipafupi, muziisunga m'kapepala ka pulasitiki mukakwera boti, makamaka m'miyezi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pamene mafunde amalowa m'bwato. Tengani pawabanki. Nsomba za mbuna za ku chilumba cha Thumbi, ku Cape Maclear, zimabwera pafupi kwambiri, moti mutha kuzijambula muli pamwala.

Kumene anthu akusamba musalozeko kamera, pa rodibuloko ya apolisi chimodzimodzi, ndipo pa mzikiti pemphani kaye kwa akuluakulu. Kwina konseko perekani moni, khalani pansi, nenani kumene chithunzicho chikupita. Akakana, bwezani foni m'thumba. Akavomera, aonetseni, ndipo mutenge nambala ya WhatsApp ya mwana wawo kapena mdzukulu kuti mudzawatumizire. Mayi akakuuzani kuti mudikire akasinthe chitenje, dikirani, ngakhale dzuwa likwere.