Masewera akale amayenda pa Linux Mint

Achimwene, musachotse Linux Mint yanuyo chifukwa cha masewera akale omwe muli nawo pa ma CD. Ambiri amayenda bwinobwino, bola mudziwe kaye kuti ndi a nthawi iti.

Ngati ndi a DOS, monga Doom ya mu 1993, tengani DOSBox, pulogalamu yoyendetsera masewera a DOS, mu Software Manager. Ikani masewerawo mu foda yotchedwa masewera, mutsegule DOSBox, mulembe mount c ~/masewera, kenako c: basi. Chomwe chimasokoneza ambiri ndi liwiro. Gemu ikamathamanga ngati yapenga, dinani Ctrl+F11 kangapo, ikamakwawa, Ctrl+F12.

A Windows 98 kapena XP amafuna Wine, pulogalamu yomwe imayendetsa mapulogalamu a Windows pa Linux. Ine ndimadzera mu Lutris, pulogalamu yoikira ndi kutsegulira magemu pa Linux, chifukwa imaika gemu iliyonse payokha, ndiye imodzi ikavuta siononga zinzake. Poti masewerawa ndi a 32-bit, onetsetsani kuti Wine ya 32-bit yalowanso, apo ayi gemu imangotseka osanena kanthu. Omwe amandivutitsa ine ndi ma CD okhala ndi loko woletsa kukopera, wa SafeDisc kapena SecuROM. Pamenepo kuli bwino kuyang'ana gemu yomweyo pa webusaiti ya GOG, komwe amagulitsa magemu opanda loko, kusiyana ndi kumatola ma crack (mafayilo othyolera loko) pa intaneti, poti amatha kukhala ndi mavairasi. Wine imayendetsanso mavairasi a Windows, ndipo amatha kufika pa mafayilo anu.

Koma laputopu ikamatentha mpaka kuzima yokha, kapena sikirini ikamachita mizeremizere ngakhale mutatseka gemu, si za Wine zimenezo. Pitani nayo kwa okonza makompyuta akaone fani ndi graphics card.