Timadishi ta intaneti pamtunda wa makilomita 10: kodi mvula ikagwa tigwirabe?

Funso: Ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira, koma katundu wambiri ndimasunga pamalo ena, mtunda wa makilomita 10. Intaneti ili kushopu kokha. Mnyamata wina wodziwa za netiweki akuti andiikire timadishi tiwiri toyang'anizana, kuti makamera ndi kompyuta ya kosungira katunduko zizilumikizana ndi kushopu osalipiranso intaneti yachiwiri. Pabokosi palembedwa 450 Mbps. Koma mnzanga akuti zinthu zimenezi mvula ikangoyamba zimafa. Ndigule kapena ndisiye? — Mayi wabizinesi

Yankho: Mayi, nzeru ya mnyamatayo si yoipa. Mumagula kamodzi, pamene intaneti yachiwiri ingamakudyereni ndalama mwezi ndi mwezi. Koma nambala yapabokosiyo musaiwerengere.

450 Mbps imeneyo (Mbps ndi muyeso wa liwiro la netiweki) ndi ya pafupi, pamalo opanda chosokoneza, ndipo kawirikawiri amaphatikiza zopita ndi zobwera. Timadishi tambiri totsika mtengo sititumiza ndi kulandira nthawi imodzi, timachita mosinthana. Mtunda nawo umadya: ukawirikiza kawiri, mphamvu yofika kudishi linalo imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, zimene akatswiri amati kutaya 6 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa mphamvu ya mafunde). Mphamvu ikachepa, makinawo amadzichepetsera okha liwiro kuti kulumikizana kusaduke. Ndiye pamakilomita 10 mukapeza theka la zapabokosi, kapena kucheperapo, palibe wakuberani. Komanso dishi silingakupatseni intaneti yothamanga kuposa imene mumalipira kushopu.

Nanga inu mukufuna zingati? Kamera imodzi ya 1080p imadya pafupifupi 2 mpaka 4 Mbps. Makamera asanu ndi atatu sangapitirire kwambiri 30 Mbps, ndipo pulogalamu yolembera katundu imadya zochepa zedi. 50 Mbps yosasinthasintha ikukwanirani. Musalipire liwiro loti simudzaligwiritsa ntchito.

Za mvula, mnzanuyo akunena zoona, koma osati pa dishi lililonse. Funsani mnyamatayo kuti timadishito ndi ta ma GHz angati, kutanthauza mtundu wa mafunde a wailesi amene timagwiritsa ntchito. Pa 2.4 ndi 5 GHz madontho a mvula sasokoneza kwenikweni mafunde. Vuto limayamba kuoneka kupitirira 10 GHz, ndipo pa 60 GHz limakula: mpweya wa oksijeni wokha umameza pafupifupi 15 dB pa kilomita iliyonse, mvula yamphamvu n'kudzaonjezera pamenepo. Zida za 60 GHz zimathamanga mochititsa kaso pamtunda waufupi, ndipo makampani ngati MikroTik ndi Ubiquiti amapanga zina zokhala ndi wailesi ya 5 GHz yobwererapo mvula ikavuta. Pamtunda wanuwo, ine ndingakulozereni ku 5 GHz.

Chimene chimapha kulumikizana kwa 5 GHz nthawi ya dzinja nthawi zambiri si mvula yeniyeniyo, koma zobwera nayo. Choyamba ndi mitengo. Anthu amakwera padenga m'chilimwe, mitengo itayoyola masamba, n'kuona dishi linalo patali, n'kumati basi zatheka. Mvula ikabwera masamba amaphuka, amanyowa, liwiro n'kugwa. Kuonana kwa maso kokha sikokwanira, chifukwa mafunde sayenda ngati ulusi wowongoka. Amafuna mpata wotupa pakati ngati dzira, umene amautcha Fresnel zone. Pamakilomita 10 ndi 5 GHz, pakatikati pa njirayo mpatawo umafika mamita oposa 11 kuchoka pamzere wowongoka, ndipo lamulo la akatswiri ndi lakuti 60 peresenti yake, pafupifupi mamita 7, ikhale yopanda mtengo, denga kapena chitunda. Apa m'pamene ndalama zimalowera, chifukwa mlongoti wautali wolimba ukhoza kudula kuposa timadishito. Amene wakupatsani mtengo wa madishi okha, osatchula za mlongoti, sanakuuzeni zonse.

Kenako mphepo. Dishi la mtunda wautali limaloza malo ochepa kwambiri, moti mlongoti wowonda ukamagwedezeka, kapena mabawuti akakhwefuka, limaphonya linzake. Palinso mphenzi: chitsulo chili pamwamba pa denga, waya wake n'kulowa m'nyumba mpaka ku kompyuta yanu. Waya wopita pansi ndi kachida koteteza ku mphenzi musazione ngati zokongoletsera. Madzi olowa polumikizira waya amaononganso pang'onopang'ono. Ndipo magetsi akazima mbali imodzi yokha, zonse zaima, choncho batire liyenera kukhala uku ndi uku.

Popeza 5 GHz amagwiritsa ntchito anthu ambiri, ngati pamalopo pali kale madishi ena, amasokonezana. Mnyamatayo ayambe wapima kuti ndi tchanelo chiti chili ndi mpata.

Tsopano zandalama. Wina akakulonjezani kuti zizigwira 99 peresenti ya nthawi, zimamveka zokoma, koma pachaka ndiye kuti masiku opitirira atatu ndi theka mulibe kanthu. 99.9 peresenti ndi maola pafupifupi 9. Khalani pansi muwerengere kuti ola limodzi lopanda netiweki limakutayitsani zingati. Ngati ndi makamera okha, amene amatha kusunga zithunzi komweko, kuduka kwa kanthawi si nkhani. Ngati malonda amaima, ikani kosungira katunduko ka rauta ka simu kadi kodikirira tsiku loipa.

Polipira, gwirizanani polemba. Perekani ya zida, koma gawo lina la ndalama ya ntchito litsale mpaka atayesa pamaso panu ndi pulogalamu ngati iperf3, imene imapima liwiro la pakati pa madishi awiriwo, kupita ndi kubwera, masana ndi madzulo. Akuonetseninso kuti mphamvu yofika ikuposa yofunikira ndi 15 mpaka 20 dB. Mupanganomo mulembenso kuti mvula yoyamba yamphamvu ikadutsa adzabwera kudzaonanso ndi kumangitsa mabawuti, komanso kuti dishi likapsa ndi mphenzi wogula lina ndi ndani.