Nkhani ya zilembozi musawasiyire akatswiri okha

Achimwene, amene akuuzani kuti za mayina a pa intaneti olembedwa m'zilembo zathu n'za akatswiri okha, ife tizingolandira, asakunamizeni. Ine kungolandirako n'kumene kunandipweteka.

Gulu lathu lolimbikitsa kuwerenga tinalembetsa dzina lokhala ndi ŵ, mmene limalembedwera pa chidindo chathu. Wotigulitsa anati palibe vuto, lipirani. Tinalipira, n'kusindikiza adiresiyo pa makalata ndi pa zikwangwani. Tsoka linadzatipeza tsiku lomaliza lotumiza pempho la thandizo la ndalama. Fomu inali ya pa intaneti. Ndadzaza zonse, bajeti ndaikamo, makalata a umboni ndaikamo, kwangotsala bokosi la imelo. Ndalemba adiresi ya gulu, bokosi lafiira, akuti imeloyi ndi yolakwika. Ndafufuta, ndalembanso pang'onopang'ono, chimodzimodzi. Anzanga aima kumbuyo kwanga, wina akuti ndi netiweki, wina akuti zimitsani kompyuta muyatsenso, nthawi nayo ikungopita. Imelo yangayanga sakanailandira chifukwa ankafuna yofanana ndi webusaiti ya gulu. Nditamata adiresi ya webusaitiyo inasanduka xn-- ndi zilembo zosokonekera kutsogolo kwake. Amayi atcheya atangoona anagwira kumutu, amvekere atibera webusaiti! Manja anga ankanjenjemera moti ndinkadina mabatani olakwika. Fomu inatsekedwa tikuyang'ana. Ntchito imene anthu anagonera usiku inathera pa bokosi limodzi lofiira.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi yankho la wotigulitsa uja nditamuimbira. Anandifunsa kuti ifeyo tinkachifuniranji chilembo chachipewa. Munthu amene analandira ndalama zathu! Iye ankadziwa bwinobwino kuti DNS, dongosolo limene limalumikiza mayina a pa intaneti ndi makompyuta ake, imangomva zilembo za a mpaka z, manambala ndi kamzere kapakati, ndipo dzina lina lililonse limayamba lasinthidwa kukhala la xn-- lija kudzera m'njira yotchedwa Punycode. Ankadziwanso kuti mafomu ndi mapulogalamu a imelo ambiri amakanabe maadiresi otere. Sanatiuze ngakhale liwu limodzi. Titathamangira kuti tigule la w wamba, tinapeza wina analitenga kalekale. Munthu wosaona mtima ameneyo, ndipo ndikudziwa kuti akugulitsabe choncho kwa ena.

Ukali utatha m'pamene ndinayamba kufufuza kuti malamulowa amapanga ndani. Ndi anthu, achimwene, ambiri a iwo ongodzipereka. Mayina oyamba a mayiko m'zilembo zawo analowa pa intaneti mu 2010, a Egypt, Saudi Arabia ndi United Arab Emirates m'Chiarabu, kenaka Russia ndi .рф yake. Pambuyo pake ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti padziko lonse, inapempha eni zilembo kuti akhale m'magulu otchedwa Generation Panels, agwirizane kuti ndi zilembo ziti zololedwa kumapeto kwa adiresi komanso ziti zofanana moti zingapusitse munthu. Olemba Chiarabu anakhala pansi ndi olemba Chiperisiya, Chiurdu ndi ena, chifukwa zilembo monga kaf ndi yeh aliyense ali ndi yakeyake mu kompyuta ngakhale m'maso zimaoneka ngati chimodzi. Malamulo awo analowa mu 2016. A zilembo za ku Ethiopia anatsatira mu 2017. Zilembo za Chilatini, zimene zilankhulo zambiri za mu Africa zimalembera, zinadikira mpaka 2022. Ndiye tangoganizani, ngati olankhula chilankhulo chanu palibe pamene akukambirana, chilembo chanu chikudalira kuti mlendo achikumbukire.

Koma dziwaninso kuti malamulo amenewo ndi a gawo lomaliza lija, lobwera pambuyo pa kadontho. Za dzina lanu lenilenilo, monga lathu lija, amagamula ndi oyang'anira kaundula wa mayinawo, aliyense ndi mndandanda wake wa zilembo. Ameneyo ndiye woyenera kumuvutitsa ndi mafunso. Ngati munthu wagula dzina la ŵ, la w wamba amamusungira kapena amaligulitsa kwa wina aliyense? Afunseni polemba, ayankhenso polemba.

Choncho lowani, musachite manyazi kuti sindinu wa makompyuta. Aphunzitsi a chilankhulo ndi olemba akufunika kumeneko kuposa mmene mukuganizira. ICANN ikatsegula nthawi yoti anthu apereke ndemanga aliyense amaloledwa kulemba, misonkhano yake mungaitsatire pa intaneti osalipira, ndipo ogwiritsa ntchito intaneti a mu Africa ali ndi AFRALO, gulu lowaimira mu ICANN. Mu 2015 kunayambanso gulu la Universal Acceptance Steering Group polimbana ndi mabokosi ofiira ngati langa lija. Fomu ikakana adiresi yanu, alembereni eni ake, musangokhala chete. Mayina a zilembo zathu tiziwagula ndi kuwagwiritsa ntchito, apo ayi opanga mapulogalamu azingonena kuti palibe akuwafuna.

Komabe inuyo panokha, chonde, yambani mwagula dzina la zilembo wamba, ndipo imelo yanu yonse ikhale pamenepo. Linalo muligule lachiwiri, lizingolozera ku loyambalo. Pa fomu iliyonse yokhudza ndalama musayerekeze kulembapo la chipewalo.